Diso la Mlendo pa Dziko Lathu

Chaka chikamapita kumapeto, mabanki, makampani ndi masitolo akuluakulu amagawa makalendala. Ambiri mwa makalendalawa amakhala ndi zithunzi khumi ndi ziwiri za dziko lathu, mwezi uliwonse chakechake. Mwezi wina mupeza njovu zikumwa madzi mumtsinje wa Shire, wina phiri la Mulanje litafunda mtambo, wina bwato lili lokha panyanja dzuwa likulowa, ndipo wina tchalitchi cha njerwa zofiira cha pa Mishoni ya Blantyre. Zithunzi za mtundu womwewu ndi zimene zimadzaza mapositikhadi, timabuku toitanira alendo ndi masamba a pa intaneti. Zambiri mwa izo zimajambulidwa ndi anthu apaulendo, amene amafika pamalo, n'kugonapo masiku awiri kapena atatu, n'kupitirira. Popeza tidazizolowera, sitizifunsa kanthu. Komatu chithunzi chiyenera kufunsidwa mafunso omwe aja timafunsa powerenga ndakatulo kapena nthano m'kalasi: akulankhula ndani, akulankhula kwa yani, ndipo n'chiyani chimene wasiya osatchula?

Anthu amati chithunzi sichinama. Mawuwa ndi oona mbali imodzi, pakuti kamera siingajambule njovu pamene palibe njovu. Koma chithunzi chilichonse chili ndi malire anayi, ndipo amene amaika malirewo ndi munthu. Wojambula amasankha poima, amasankha nthawi, amasankhanso choti chilowe ndi choti chitsale kunja. Akasuntha mapazi awiri kupita kumanzere, dzala limene lidali pambali pa nyumba limasowa. Akadikira mphindi zisanu, mayi amene amadutsa ndi mtolo wa nkhuni amakhala atapita, ndipo msewu umaoneka ngati sipayenda munthu. Palibe bodza limene lanenedwa, koma woona chithunzicho wamva nkhani imene wojambulayo adafuna kuti amve. Motero ntchito ya wosanthula zithunzi ndi kuyang'ana zimene zili mkati mwa malirewo, kwinaku akukumbukira zimene zatsala kunja.

Kujambula kwa apaulendo kudayamba kalekale m'chigawo chino cha Africa. Pa ulendo wa David Livingstone wa m'mitsinje ya Zambezi ndi Shire, umene udayamba mu 1858, padali dokotala wina, John Kirk, yemwe adalinso katswiri wa zomera. Dzina lake lidatsala pa mapiri a Kirk Range. Iyeyu adatenga kamera, ndipo zithunzi zake za m'chigwa cha Zambezi ndi zina mwa zakale kwambiri za m'dera lino. Zambiri ndi za mitengo, nyumba ndi sitima zapamadzi. Anthu ndi ochepa. Chifukwa china chidali chakuti kamera za nthawi imeneyo zinkafuna kuti chojambulidwacho chikhale chosagwedezeka kwa kanthawi ndithu. Mlambe unkatha kudikira, koma mwana wothamanga kapena mayi wosinja ankangosanduka chimbuuzi. Masiku ano vuto limenelo lidatha, pakuti ngakhale foni ya m'manja imagwira mbalame ili mlengalenga. Tsono ngati anthu akusowabe m'zithunzi za dziko lathu, mlandu suli pa kamera. Ndi wojambula amene wasankha kuti asaonekemo.

Tiyambe ndi zithunzi za nyama zakutchire, zimene mwa zonse ndizo zimafuna luso lalikulu. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo palibe ntchito imene mwambiwu umaiyenera kuposa iyi. Wojambula nyama amadzuka tambala asanalire kuti akapeze kuwala kofewa kwa m'mawa, chifukwa dzuwa la masana limaphwetsa maonekedwe a zinthu ndi kudetsa maso a nyama ndi mithunzi. Amakhala chete m'boti kapena m'galimoto maola ambiri, kudikira kuti mvuu iyasamule kapena kuti mwana wa njovu atuluke kuseri kwa make. Amaphunzira kumene mphepo ikuchokera, amadziwa nthawi imene nyama zimatsikira kumadzi. Chithunzi chabwino cha njovu pakati pa migwalangwa ya ku Liwonde ndi chipatso cha kudziletsa kotereku, ndipo n'choyenera kuchiyamikira. Ana ambiri a m'dziko muno adayamba kuona mkango ndi chipembere pachithunzi, ndipo ena mpaka lero sadazionepo kwina.

Komabe tiyeni tifunse zimene zatsala kunja. Nkhalango ya Liwonde idakhazikitsidwa kukhala malo osungirako nyama mu 1973, ndipo kuyambira mu 2015 bungwe la African Parks ndilo likuyendetsa malowa mogwirizana ndi boma. Nkhalangoyi yazunguliridwa ndi midzi ndi minda, ndipo pakati pa njovu ndi chimanga pali mpanda wamagetsi. Mpandawu ndiwo mutu wa nkhani ya Liwonde, koma pakalendala simudzauona. Njovu zitachuluka, mu 2016 ndi 2017 pafupifupi 500 zidasamutsidwa kuchoka ku Liwonde ndi ku Majete kupita ku Nkhotakota, ndipo mu 2022 zina 263 zidapita ku Kasungu. Zithunzi za njovu zogonekedwa ndi mankhwala, zikukwezedwa m'malole miyendo ili m'mwamba, zidafalikira dziko lonse lapansi. Pambuyo pake nyuzipepala zidalemba za minda yowonongedwa ndi anthu ophedwa ndi njovu m'midzi yozungulira nkhalango ya Kasungu, mbali ya Malawi ndi ya Zambia yomwe. Zithunzi za nkhokwe zogumulidwa ndi za alimi ogona kumunda ndi zitini zoopsezera nyama sizidayende mtunda wautali ngati zoyamba zija. Njovu ndi imodzi yomweyo, koma mlendo amaiona ili chuma cha dziko, pamene mlimi wa m'malire mwa nkhalango amaiona ili njala ya chaka chamawa. Gulu la zithunzi limene likuonetsa mbali imodzi yokha lanena theka la nkhani.

Palinso zithunzi zina zimene zimaoneka ngati zamwayi pamene zidachita kukonzedwa. Ndani sadaonepo chithunzi cha nkhwazi itatambasula mapiko, zikhadabo zili m'madzi, ikutola nsomba? Mbalameyi timainyadira, ndipo ili pamwamba pa chizindikiro cha dziko lathu. Koma amene adafikako ku Cape Maclear akudziwa mmene zithunzi zambiri zoterezi zimapezekera. Anyamata oyendetsa maboti amagula nsomba kwa asodzi, amapita ndi alendo kufupi ndi chilumba, amaimba likhweru, kenaka n'kuponya nsombayo pamadzi. Nkhwazi, imene idazolowera kale mwambowu, imatsika pamalo pomwe kamera yalozetsedwa. Sindikunena kuti kutero n'kulakwa, pakuti anyamatawo akudyetsa mabanja awo. Chimene chikundivuta n'chakuti mnyamata woponya nsomba uja, yemwe ndiye mwini luso lonselo, saoneka ndipo satchulidwa. Pansi pa chithunzicho pamalembedwa dzina la wojambula yekha. Chikhala kuti wojambulayo adabwerera m'mbuyo pang'ono, n'kuonetsa mkono woponya nsomba pamodzi ndi mbalame ikutsika, tikadakhala ndi chithunzi chosowa, chonena za ubale wa munthu ndi mbalame panyanja yathu.

Tikafika pa zithunzi za mapiri ndi zigwa, chizolowezi chochotsa anthu chimakula. Onani zithunzi za ku Nyika: zitunda zaudzu zotsetsereka mpaka kumene maso alekezera, mbidzi zitatu kapena nchefu imodzi, ndi thambo lalikulu. Mawu olembedwa pansi pake kawirikawiri amati kuno ndi kumene dzanja la munthu silidafikeko. Mbiri ikukana. Nyika idakhala malo osungirako nyama mu 1965, ndipo pamene malire ake adakuzidwa mu 1978 mabanja amene ankakhala m'deralo adasamutsidwa, kusiya minda ndi manda a makolo awo. Ngakhale mitengo ya paini ya pa Chelinda, imene imakometsa zithunzi zambiri, ndi yobwera. Idadzalidwa m'zaka za m'ma 1950. Bata limene tikuliona pachithunzi lidachita kupangidwa, ndipo padali ena amene adalilipira. Wophunzira wodziwa zimenezi saleka kuona kukongola kwa Nyika, koma amakuona ndi maso a munthu wamkulu.

Chimodzimodzinso ndi chithunzi chotchuka cha Mulanje. Kumbuyo kuli phiri, limene nsonga yake ya Sapitwa ndi yotalika mamita 3,002. Kutsogolo kuli minda ya tiyi yobiriwira ngati mphasa yoyalidwa. Ngati muli munthu, ndiye kuti ndi mayi wothyola tiyi, dengu lili kumsana, woikidwamo kuti chitenje chake chowala chikometse kubiriwirako. Sitimva dzina lake, sitidziwa malipiro ake. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Minda ya tiyi ya ku Mulanje ndi ku Thyolo ili pa malo amene adapita m'manja mwa azungu kumapeto kwa zaka za m'ma 1800, ndipo m'minda ya azungu ya m'chigawo cha kumwera ndimo mudakula thangata, pamene munthu ankagwira ntchito kwa mwini malo kuti aloledwe kukhala pa nthaka. Mpaka lero maboma awiriwa ndi ena mwa othithikana kwambiri, ndipo kuseri kwa mzere womaliza wa tiyi kuli timinda ting'onoting'ono tokwera mpaka m'matanthwe. Pamwamba pa phiri pomwepo, mkungudza, mtengo wa fuko lathu umene mwachibadwa umamera pa Mulanje pokha, udadulidwa mpaka udatsala pang'ono kutheratu. Chithunzi chojambulidwa patali sichionetsa zitsa. Phiri limaoneka lathunthu, ndipo woona amagona tulo poganiza kuti zonse zili bwino.

Nako kunyanja nkhani ndi yomweyo. Malo osungirako zachilengedwe a Lake Malawi National Park adakhazikitsidwa mu 1980, ndipo mu 1984 bungwe la UNESCO lidawaika pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse chifukwa cha mitundu yambirimbiri ya nsomba, makamaka mbuna. Mkati mwa malowa muli midzi ya asodzi, monga Chembe. Koma msodzi wa pakalendala ndi mthunzi wakuda chabe, ali m'bwato, dzuwa lofiira lili kumbuyo kwake. Alibe nkhope. Wojambula wamusandutsa chokongoletsera, mofanana ndi mgwalangwa kapena mwala. Sitiona matandala oyanikapo usipa, amayi okangana mtengo pagombe, nyali za asodzi ochezera usiku, kapena maukonde obwerako opanda chambo. Nyanja ya pachithunzi ndi malo opumulirako. Nyanja ya anthu a ku Mangochi, Salima ndi Nkhata Bay ndi munda wawo.

Zithunzi za m'mizinda zili ndi matenda awiri otsutsana. Oyamba ndi ojambula nyumba zokhazokha. Tchalitchi cha St Michael and All Angels, chomangidwa kuyambira mu 1888 mpaka 1891, ndi nyumba ya Mandala ya mu 1882 zimajambulidwa m'mamawa pasanafike anthu, ndipo Lilongwe, likulu lathu kuyambira mu 1975, amaimiridwa ndi nyumba ya malamulo ndi misewu yotakata yopanda oyenda pansi. Dzina la David Clement Scott limatchulidwa monga womanga tchalitchi chija, koma manja amene adaumba ndi kuotcha njerwa zake adali a anthu akuno. Matenda achiwiri ndi a wapaulendo amene amafunafuna umphawi. Iyeyu akalowa mu Ndirande kapena mu Mtandire salabadira telala ali pamakina ake, kalipentala akupala thabwa, kapena ana asukulu ovala yunifolomu yochapa bwino. Amadikira mpaka apeze mwana wamamina wopanda nsapato ali pafupi ndi ngalande. Amamujambula osapempha makolo, ndipo nkhope ya mwanayo imakayenda maiko amene mwini wakeyo sadzawapondako. Onse awiriwa alephera pa chinthu chimodzi: adabwera ndi chithunzi chawo m'mutu, ndipo mumzindamo adangofunamo umboni. Mzinda weniweni, wa akabaza, mavenda, maminibasi ndi anthu othamangira kuntchito, uli pakati pa zithunzi ziwirizi, ndipo ndi ochepa amene adaujambula mwachilungamo.

Wina anganene kuti ndikuweruza mopanda chifundo. Kalendala si buku la mbiri, ndipo munthu amene wasunga ndalama zake kuti adzaone nyanja sangakakamizidwe kujambula mavuto athu. Mfundo imeneyi ili ndi mphamvu. Zithunzi zokongola zimakopa alendo, ndipo alendo amabweretsa ntchito kwa operekeza anthu kuphiri, osema ziboliboli ndi ogwira ntchito m'mahotela. Ndiponso mlendo ndi amene adza ndi kalumo kakuthwa: nthawi zina amaona chimene eni mudzi adaleka kuchiona chifukwa cha kuzolowera. Ambiri a ife tidadutsa pansi pa mlambe zaka ndi zaka osauyang'ana, mpaka tidauona pachithunzi cha mlendo. Koma makolo omwewo adatinso mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Vuto silili pa chithunzi chimodzi chokongola. Limabwera pamene zithunzi zonse zikunena chimodzimodzi, chaka ndi chaka, mpaka ife eni dziko tiyamba kukhulupirira kuti Malawi woyenera kujambulidwa ndi amene mulibe Amalawi.

Tisaiwalenso kuti chithunzi chimasanduka mboni ngakhale pa zimene mwini wake sadaziganizire. Zithunzi zakale za Blantyre zimaonetsa mapiri a Ndirande ndi Soche ali ndi mitengo. Amene adazijambula ankangofuna malo okongola, koma lero zikutiuza zimene tataya. Mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy atagwetsa mvula yosalekeza, matope ndi miyala zidatsika m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe, ndipo anthu mazanamazana adafa m'chigawo cha kumwera. Kuika chithunzi chakale cha phirilo pambali pa chatsopano ndi phunziro loposa ndime khumi za m'buku. Apa mpamene tikuonera kuti chithunzi chonena zoona za malo chimakhala ndi moyo wautali kuposa chongosangalatsa maso.

Kodi diso la mwini dziko lingaone mosiyana? Mbiri yathu ili ndi yankho. Mungo Murray Chisuse, amene ankagwira ntchito yosindikiza mabuku pa Mishoni ya Blantyre, adali mmodzi mwa Amalawi oyambirira kugwira kamera, ndipo adajambula John Chilembwe ndi banja lake. Anthu a m'zithunzi zake ndi ovala mwaulemu, oyang'ana kamera mosaopa, ooneka monga momwe iwo eni adafunira kuoneka. Palinso chithunzi cha mu 1914 chimene Chilembwe adaima pamodzi ndi mmishonale John Chorley, chipewa chili kumutu, pa nthawi imene munthu wakuda ankayembekezeredwa kuvula chipewa pamaso pa mzungu. Kanthu kakang'ono kameneka kadasunga nkhani yaikulu, kotero kuti mu 2022 mmisiri wa ku Malawi, Samson Kambalu, adaumba chiboliboli chochokera pa chithunzichi, ndipo chidaimikidwa pa bwalo la Trafalgar Square mumzinda wa London. Chithunzi chimene chidalemekeza wojambulidwa chidalankhulabe patapita zaka zoposa 100.

Tsono chithunzi cha paulendo tichiyese ndi miyeso itatu. Woyamba ndi luso: kodi kuwala, poima ndi nthawi zasankhidwa mwanzeru, kotero kuti diso likudziwa poyambira ndi pothera? Wachiwiri ndi chilungamo: kodi munthu wokhala pamalopo angachione n'kuvomera kuti kwawo n'kumeneku? Wachitatu ndi ulemu: kodi wojambulidwayo adapemphedwa, ndipo angakondwe kudziona chomwecho? Nyama nayo ili ndi ulemu wake. Kuithamangitsa ndi galimoto kapena kuidzidzimutsa kuti idzutse mutu ndi kuba chithunzi. Zithunzi zambiri za pamakalendala athu zimakhoza bwino muyeso woyamba, zimatsimphina pa wachiwiri, ndipo wachitatu sizimaudziwa n'komwe.

Inu ophunzira a lero muli ndi mwayi umene a msinkhu wanga tidalibe. Pa unyamata wathu filimu inkakhala ya zithunzi 24 kapena 36, ndipo munthu ankadikira masabata kuti akazitsuke, osadziwa ngati zatuluka bwino. Lero kamera ili m'thumba mwa anthu ambiri, ndipo nanunso ndinu apaulendo: mumakwera basi kupita kusukulu, mumapita kumudzi patchuthi, mumayenda ndi anzanu kukaona phiri kapena nyanja. Mukafika ku Liwonde, jambulani njovu, koma mujambulenso mpanda ndi munda umene uli kuseri kwake. Mukafika pagombe, mufunseni msodzi dzina lake, mumupemphe chilolezo, ndipo mumujambule dzuwa likumuwalira kumaso. Lembani tsiku ndi malo pa chithunzi chilichonse, pakuti adzukulu anu adzafuna kudziwa mmene phiri la kwanu lidalili mitengo isanathe, kapena mmene lidabiriwiriranso anthu atadzala ina. Alendo adzapitiriza kubwera ndi makamera awo, ndipo tiwalandire ndi manja awiri. Koma mbiri ya mudzi imasungidwa ndi amene amagonamo.